Lamulo limodzi, mafayilo anayi

 Lero ndiulula manyazi anga.

Ndinalemba kapulogalamu ka PHP kosungira malikisi a ana. Kamakhala pa kompyuta imodzi ya mu ofesi, aphunzitsi n'kumalowetsa malikisi kuchokera pa malaputopu awo. Kanali ndi mafayilo anayi: ya lipoti la mwana, ya mndandanda wa kalasi, ya ahedi, ndi ya makalata opita kwa makolo. Iliyonse inkayenera kusandutsa malikisi kukhala mapointi monga a MSCE, kuyambira 1 mpaka 9, pomwe 7 ndi 8 ndi kukhoza chabe, 9 ndiye kulephera. Chifukwa cha ulesi ndinangokopa mizere yomweyo n'kuimata mu fayilo iliyonse.

Teremu ina tinagwirizana kuti kukhoza kuziyambira pa 40, osati 45. Ndinasintha mafayilo atatu, yachinayi n'kuiwala. Mtsikana wina wa Fomu 3 anapeza 42 pa masamu. Lipoti linati wakhoza, kalata inati walephera. Bambo ake anapalasa njinga kuchokera ku malire a Ntchisi, n'kuyala mapepala onse awiri patebulo. "Aphunzitsi, ndikhulupirire liti? Ndalama ya fodya ndi yochepa. Ndilipire fizi kapena mwanayu angokhala pakhomo?" Ndinachita kusowa poyang'ana. Ndinapepesa, mwanayo anabwerera ku sukulu, koma usiku umenewo sindinagone.

Amene anandiwongola ndi mwana wanga wakale amene anaphunzira kulemba mapulogalamu ku TakenoLAB, imene anayambitsa Remy Gakwaya wa ku Burundi. Inde, ku Dzaleka komwe kuja, kumene kunali ndende nthawi ya Kamuzu kusanakhale msasa wa othawa kwawo mu 1994. Atawona mafayilo anga anaseka mwaulemu. "Aphunzitsi, lamulo limodzi lizikhala malo amodzi. Mafayilo enawo azikabwereka."

Tinachotsa mizere ija n'kuiika mu fayilo yakeyake, magiredi.php. Mafayilo anayi aja amangoiitana ndi require_once. Ndikasintha nambala kamodzi, yasintha ponse. Iye amakonda Node.js, imene anatulutsa Ryan Dahl mu 2009, ndipo anandionetsa kuti kumeneko fayilo imasankha yokha zobwereketsa kudzera pa module.exports, inzake n'kuzitenga ndi require. Zimene sinatchule zimakhala zake. Ichi ndinachikonda kwambiri. Mnansi akabwereka mtondo, sumupatsa ndi kiyi wa kuchipinda.

Koma ine ndi ine. Sabata lomwelo ndinatengeka, ndinaunjika zonse mu fayilo imodzi: magiredi, masiku a teremu, ngakhale pasiwedi ya database. Inafanana ndi kabati ya mu sitafurumu, momwe choko, rejisita ndi shuga zimagonera limodzi. Mnyamata uja atabweranso anaigawa potengera ntchito, n'kundichenjeza kuti mafayilo awiri asamabwerekane uku ndi uku, chifukwa pamenepo sudziwanso woyamba kuwerengedwa ndi uti.

Tsopano ndisanasindikize malipoti ndimalowetsa 39, 40 ndi 41, n'kuyang'ana mapepala onse anayi. Kalata ija ndinaipempha kwa bambo aja. Ili mu dirowa yanga, pansi pa sikimu ya masamu.