Zitsulo za ku Kwekwe, ng'oma za ku Rimuka

Msewu wa Harare kupita ku Bulawayo umadutsa Chegutu, Kadoma ndi Kwekwe, matauni amene anakula ndi golide, thonje ndi thukuta la machona. Dzina la Chegutu linali Hartley, la Kadoma linali Gatooma, mpaka 1982. Mnyamata wina wa ku Dedza anatsata msewuwu pofuna kuona kumene agogo ake anathera, atachoka kumudzi pa galimoto za Ulere osabwereranso.

Anayambira ku Kwekwe, ku National Mining Museum, nyumba yosungira zakale za migodi pafupi ndi mgodi wa Globe and Phoenix. Anaona makina ophwanyira miyala ndi Paper House, nyumba ya makoma a mapepala ya mabwana oyamba a mgodiwo. Zonse zasungidwa bwino, koma chitsulo sichilankhula. Sichinganene kuti amene ankachikankha ankabuula m'chinenero chanji.

Yankho analipeza ku Kadoma, m'komboni ya Rimuka, kufupi ndi mgodi wa Cam and Motor. Loweruka masana mbalule inalira, ana nkubalalika. Pamphambano panatulukira akapoli atadzola matope, pambuyo pawo makanja akuyang'ana pamwamba pa madenga. Amayi anaima mozungulira, kuwomba m'manja ndi kupolokozana nyimbo, ena akusupa ndalama pafumbi. Nyimbozo zinali za Chichewa chenicheni. Macheza a m'mbali onse anali a Chishona.

Gogo wina anamva mnyamatayo akuyimba nawo, namukoka dzanja.

"Mwana wanga, kwanu nkuti?"

"Ku Dedza, agogo."

"Ine ndine Nabanda. Bambo anga ankati kwathu nku Ntcheu. Sindinapondeko."

Mdzukulu wawo anali kutsogolera nyimbo mosaphonya liwu. Atafunsidwa tanthauzo lake, anaseka mwamanyazi, nayang'ana agogo ake.

Ku Chegutu, m'komboni ya Pfupajena, kumene mabanja ambiri ankadalira fakitale ya nsalu ya David Whitehead, anamva anthu akutchula zilombozo kuti zvigure. Liwuli ndi gule wathu yemweyu: l wasanduka r, ndipo Chishona chamuveka zvi, mnzake wa zi wathu. Momwemonso mabhurandaya, dzina lonyozera obwera, ndi Blantyre chabe. Chinenero cha eni dziko chinasunga mapazi a alendo ngakhale pamene boma linkawakana. Lamulo la unzika la 2001 linasiya ana ambiri a machona akutchedwa alendo m'dziko lobadwira. Malamulo aakulu a 2013 ndiwo anawatsegulira khomo, naikanso Chichewa pakati pa zinenero 16 zovomerezeka.

Pamene UNESCO inalemekeza Gule Wamkulu mu 2005, inatchula Malawi, Mozambique ndi Zambia. Zimbabwe palibe, chonsecho gule wa kumeneko wapirira zaka zambiri popanda bwalo la mfumu ya kwawo, akutsazika maliro a anthu amene sanathe kukaikidwa kumudzi.

Chodetsa nkhawa si ng'oma, pakuti manja oiomba alipo. Ndi mawu. Nyimbo ya gule imalangiza, imadzudzula, imaseka wamwano. Woimva yekha ndiye amalaswa nayo. Agogo a ku Rimuka akadzapita, nyimbo zidzatsala pakamwa pa adzukulu ngati makina a ku Kwekwe: zathunthu, zosamalidwa, koma zopanda wozimasulira. Buku lililonse la Chichewa lowoloka Nyamapanda, ndi foni iliyonse imene wa ku Ntcheu aimbira mbale wake wa ku Chegutu osasinthira ku Chingerezi, zimatalikitsa tsikulo.