Makina a gemu: akafa adzakonza ndani?

Ife a m'malire timagula katundu wocokera kutali amene sangabwererenso kumene anacokera. Foni, wailesi, batire ya sola, zonsezi zimatipeza zitadutsa m'manja ambiri. Pepala la garantiya limathandiza munthu wa ku Maputo kapena ku Johannesburg, amene loja ili pafupi ndi nyumba yace. Kuno ku Angónia cinthu cikafa, ndalama zafera pomwepo, pokhapokha mmisiri wa pafupi akacidzutsa. N'cifukwa cace ndikamagula cinthu ca magetsi sindiyamba ndi kufunsa ubwino wace. Ndimayamba ndi kufunsa kuti cikafa adzakonza ndani.

Caka catha, nditagulitsa mbatata ya kacewere, mwana wa mlongo wanga anabwera ndi pempho. Sukulu anamaliza, nchito palibe. Anafuna kuika televizau ndi makina a gemu m'kacipinda pamsika wathu, kuti anyamata azilipira kusewera mpira. "Malume, mundibwereke, ndidzabweza mvula isanagwe," anatero. Ndalama zimenezo zinali za feteleza. Makina akanafa m'mwezi woyamba, munda ukanagona ndi njala, ndipo ine ndi mlongo wanga tikanayang'anana ndi diso lina. Ndinavomera, koma ndinati posankha makina tisankhira limodzi.

Iye mtima unali pa Xbox 360 imene anaiona kwa wogulitsa katundu wa kaunjika, yoyera bwino, mtengo wocipa. Koma makina amenewa ali ndi mbiri imene dziko lonse likuidziwa. Kampani ya Microsoft inawatulutsa mu November 2005, ndipo posacedwa ambiri anayamba kuyatsa nyale zitatu zofiira pozungulira batani loyatsira, kenako n'kuleka kugwira nchito. Vuto linali kutentha. Makina akamatentha n'kuzizira, kutentha n'kuzizira, timalo towocerera ta kacipangizo kopanga zithunzi tinkang'aluka. Mu July 2007 kampaniyo inawonjezera garantiya ya vuto limeneli kufika zaka 3, ndipo inataya ndalama zoposa madola 1 biliyoni pokonza ndi kusintha makina. Anthu a ku America ndi ku Ulaya anatumiza ao n'kulandira abwino. Nanga amene anatsala, amene lero akuyenda m'misika ya kaunjika, adzawalandira ndani? Garantiya ija inatha kalekale. Mtundu wopyapyala wa 2010 unalimbako, koma umene mnyamatayo anaona unali wa poyamba uja. PlayStation 3 ya kampani ya Sony, imene inatuluka mu 2006, nayonso mitundu yace yoyamba inadziwika ndi nyale yacikasu yosonyeza kuti m'kati mwafa. Akulu anati cikomekome ca nkhuyu, m'kati muli nyerere.

Mwina wina anganene kuti bwanji osagula atsopano. Pa makina atsopano vuto si kulimba ai, vuto ndi mudzi wathu. PlayStation 5, ya mu 2020, imadya pafupifupi mawati 200 posewera, ndipo magemu ace amafuna kukokera zinthu zambiri pa intaneti. Ndi netiweki ya kuno, imene imati ikagwira ya Moçambique mawa yagwira ya Malawi, mungathe mlungu mukudikira. Mtengo wace ndiye sitinena, ndi wa mbatata ya munda wonse.

Tinakwera njinga yamoto kupita ku Ulongwe kukaonana ndi mmisiri wina wokonza mawailesi ndi matelevizau, munthu wacikulire amene ndimamudziwa kuyambira kale. Ndinamufunsa funso limodzi: "Bambo, pa makina onsewa, ndi ati amene mungakonze pa tebulo lanu lomweli?" Anayankha kuti PlayStation 2. Anatifotokozera kuti cimene cimafa kawirikawiri ndi diso lowerenga disiki, ndipo diso limenelo limasinthidwa. Zipangizo sizisowa cifukwa makina amenewa alipo ambiri. Anatuluka ku Japan mu March 2000, anapangidwa kwa zaka zoposa 12, ndipo anagulitsidwa oposa 150 miliyoni. Amene afa amapereka ziwalo kwa amene ali moyo. Mtundu wopyapyala wa mu 2004 sudya ngakhale mawati 50, ndiye batire ya sola ndi inveta yaing'ono zimakwanitsa. Magemu a mpira aliponso, mpaka FIFA 14 ndi PES 2014.

Mnyamata uja nkhope inagwa. "Malume, anzanga adzandiseka, zimenezi ndi zakale." Ndinamufunsa ngati ana a pamsika amalipira kuti aone dzina la makina kapena kuti amenye zigoli. Sanayankhe, koma sanakanenso.

Mmisiri anatipatsa malangizo amene ndikufuna kugawana nanu, cifukwa amagwira nchito pa makina alionse. Coyamba, werengani zolembedwa kumbuyo kwa makina kapena pa adaputala. Magetsi a ku Moçambique ndi 220 V, a ku Malawi ndi 230 V, ndipo awiriwa amagwirizana. Koma katundu wa ku America ndi ku Japan wambiri ndi wa 100 mpaka 120 V, ndipo mukamulumikiza kuno amapsa nthawi yomweyo. Funani polembedwa 220–240 V kapena 100–240 V. Caciwiri, yang'anani pulagi. Ya ku Malawi ili ndi mano atatu aphwatalala, zathu zili ndi mano ozungulira. Mukagula ku Dedza kapena ku Lizulu, gulaninso cosinthira cabwino, musamangirire mawaya ndi pulasitiki. Cacitatu, musalipire makina amene mwangowaona akuyaka mphindi zisanu. Matenda a kutentha amaoneka pakapita nthawi. Cacinai, tembenuzani makina muone zomangira ndi kapepala kotsekera. Ngati anatsegulidwapo, wogulitsa anene cimene cinakonzedwa.

Tinapeza PlayStation 2 yopyapyala kwa mnyamata wina wa m'tauni momwemo. Ndinamuuza kuti tiisewera maola awiri pamaso pace tisanapereke metikali ngakhale imodzi. Anadandaula, koma anavomera. Tinasintha madisiki atatu, tinayesa mabatani onse a makomando awiri, ndipo ine ndinkagwira pamwamba pa makina kumva kutentha kwace. Titakhutira, tinalemba pepala la mtengo, tsiku ndi nambala ya makina, mmisiri uja nakhala mboni. Pa ndalama zotsala tinagula kabokosi koteteza ku magetsi okwera ndi kutsika, kamene m'maloja amati estabilizador, ndi komando yacitatu yosungira, cifukwa manja a ana ndi amene amayamba kupha makomando.

Kulimba kwa makina sikuthera kufakitale, kumadaliranso amene akuwasunga. Fumbi la mu September ndi October limatseka timabowo topumira. Tinagwirizana kuti makina azikhala pa shelefu osati pansi, azizimitsidwa pang'ono masana, aziphimbidwa ndi nsalu usiku atazizira, ndipo kukacita ziphaliwali azizulidwa kumagetsi.

Ndalama za feteleza zinabwerera m'zigawo zitatu, gawo lomaliza mvula yoyamba itagwa kale, koma cimanga cinathiridwa pa nthawi yace. Diso lowerenga disiki linatopa patapita miyezi ingapo, monga anatiuzira mmisiri. Mnyamata ananyamula makina m'cikwama kupita ku Ulongwe Laciwiri, ndipo Lacinai ana anali akuseweranso. Tsopano akusunga ndalama za makina aciwiri, ndipo akuti akufuna PlayStation 4. Ndamuuza kuti ayambe wakafunsa kwa mmisiri ngati angaikonze, ndiponso ngati batire yace ingaikwanitse.