MWANA WA MLONGO WANGA AFUNA NJIRA ZIWIRI

Pa Ciweru capitaci ndinakwera basi kupita ku Kabwe, ndipo nditatsika m'tauni ndinabwereka njinga kuti ndikafike ku Mpima, kumene mlongo wanga ndi alamu anga amaweta ng'ombe zamkaka ca kufupi ndi seminale ya St Augustine. Sunali ulendo wokaceza. Anandiitana ndi mau akuti, "Acimwene, bwerani mudzamve zimene mwana wanu alikunena, ife zatikulira." Mwa mwambo wathu, nkhani ya mwana ikawakulira makolo imagwera atsibweni, ndipo atsibweni ace a mtsikana ameneyu ndine, munthu amene sukulu yace inathera pa Giredi 12.

Mwanayu anakhoza bwino koposa mayeso a Giredi 12, makamaka masamu ndi sayansi. Tsopano akuti afuna kukhala injiniya, ndiponso afuna kukhala dokotala. Atate ace atamva zimenezi anangoti, "Mapanga awiri avumbwitsa," nanyamuka kukaona ng'ombe. Koma iye sanagonje, ndipo titakhala pansi pa mtengo wa mango anandifotokozera zimene anawerenga pa foni.

Ku America, iye anati, kuli njira yotere. Wophunzira amakhala zaka 3 pa koleji imodzi naphunzira sayansi, ndipo pambuyo pace amasamukira ku sukulu ya uinjiniya, monga ya pa Columbia University ku New York, kukakhala zaka 2. Potsiriza amalandira madigiri awiri. Kumeneko munthu salowa sukulu ya udokotala asanatenge digiri yoyamba, cotero ena amayesa kukonzekera udokotala ali pa njira yomweyi. Ine nditafufuza ndinapeza kuti zonsezi nzoona, koma mwanayu anadumpha mbali yowawa. Zaka 3 zoyambazo zimakhala zodzala kale ndi masamu ndi fizikisi, ndipo wofuna udokotala ayenera kupanikizamonso bayoloje ndi kemisitiri, nakhoza zonse bwino, pakuti osankha madokotala sacita cifundo ndi magiredi otsika. Akatha apo alembe mayeso ochedwa MCAT, naphunzire zaka zina 4. Zonse pamodzi ndi zaka 9, ndipo sukulu zao za udokotala zimene zimalandira alendo nzocepa.

Ndinamfunsa cimene cinampatsa maganizo otere. Sanandiyankhe msanga. Analoza dzanja ca ku tauni, kumene kuli mulu wakuda wa zotsalira za mgodi, nati, "Atsibweni, dokotala amacotsa mtovu m'magazi a mwana. Nanga m'dothi amaucotsa ndani?"

Awerengi a kutali mundilole ndifotokoze. Miyala ya mtovu ndi zinki inapezeka pamalo pano m'caka ca 1902, ndipo malowa anachedwa Broken Hill potengera mgodi wina wa ku Australia. Njanji inafika mu 1906, tauni inakula, ndipo makolo athu ambiri a kum'mawa anadza kuno kudzagwira nchito ya mgodi ndi ya sitima. Mgodi unatsekedwa mu 1994, koma mtovu suola. Unatsala m'dothi, ndipo m'cirimwe mphepo imanyamula fumbi kucokera pa mulu uja ndi kulimwaza m'makomboni a Kasanda, Makululu ndi Chowa. Mwana wamng'ono amakwawa, amasewera pansi, amaika zala m'kamwa, ndipo thupi lace limamwa mtovu koposa la munthu wamkulu. Mtovu umacepetsa magazi ndi kuononga ubongo, ndipo ubongo ukaonongeka subwerera mwakale. Kafukufuku wina amene anafalitsidwa mu 2015 anapima ana 246 a m'makomboni atatu aja, ndipo onse anapezeka ndi mtovu wopyola mlingo wa 5, umene pa muyeso wa madokotala ndi cizindikiro cakuti mwana afunika thandizo. Mlingo ukafika pa 45 amapereka mankhwala amene amagwira mtovu m'magazi nautulutsira m'mkodzo.

Apa ndi pamene pali mtima wa funso la mwana uja. Mankhwala amatsitsadi mtovu, koma mwana akabwerera ku bwalo lomwe lija, fumbi liri pomwepo, ndipo pakapita miyezi mlingo umakweranso. Kuti acire ndithu, wina ayenera kupima dothi, kucotsa loipa kapena kulikwirira ndi labwino, kubzala udzu, kukonza ngalande, ndi kuphimba mulu wa zotsalira kuti mphepo isaufike. Imeneyi si nchito ya munthu wa jekeseni. Ngakhale ndalama zimene World Bank inavomereza mu 2016, zopitirira madola 65 miliyoni, zothandizira Kabwe ndi matauni ena a migodi, zinaphatikizapo mbali ziwiri zomwezi: kupima ndi kuciza ana, ndiponso kukonza malo. Ndinaona kuti mtsikanayu sanali kulota. Anaona bwino cimene akulu ambiri, ndi ine ndemwe, timaciona mbali imodzi yokha.

Komabe kuno kwathu njira siinapangidwe motero. Pa Yunivesite ya Zambia, imene inatsegulidwa mu 1966, mwambo wa zaka zambiri wakhala wakuti ofuna udokotala ndi ofuna uinjiniya amayambira pamodzi m'sukulu ya sayansi. Caka coyamba onse amalimbana ndi masamu, fizikisi, kemisitiri ndi bayoloje, ndipo cikatha amapatukana molingana ndi magiredi ao, ena ku uinjiniya, ena ku migodi, ena ku Ridgeway kumene kuli sukulu ya udokotala pafupi ndi cipatala cacikuru ca UTH. Uinjiniya umatenga zaka 5, ndipo madokotala ambiri amene alikutipima lero anaphunzira zaka 7. Pa Yunivesite ya Mulungushi, imene iri pafupi ndi Kabwe, mphambanoyi imaoneka ndi maso: sukulu yace ya udokotala iri ku Livingstone. Wofuna zonse ziwiri atsirize imodzi, nayambe inzace, ndipo zaka zidzapyola 10.

Alamu anga atabwera kucokera ku khola, anawerenga zaka zimenezi m'njira yao. Sanachule zaka ai, anachula ng'ombe. Ali ndi ana ena atatu kumbuyo kwa uyu, ndipo ngongole ya boma ya maphunziro, ngati aipeza, idzafunika kubwezedwa. Sindingawadzudzule. Munthu amene amadzuka tambala asanalire kukakama mkaka amadziwa mtengo wa caka cimodzi koposa ine wa pensulo.

Pamene anandipatsa mpata ndinanena maganizo anga mosabisa. Ndinati nchito ya ku Kabwe ifunadi nzeru ziwiri, koma sindikhulupirira kuti ziyenera kukhala m'mutu umodzi. Ndinamuuza cinthu cimene cinandidabwitsa ine pofufuza: amene anatsogolera kupima ana aja m'makomboni anali akatswiri a sukulu ya madokotala a ziweto pa Yunivesite ya Zambia, pamodzi ndi anzao a ku Hokkaido ku Japan. Anayamba ndi dothi, ng'ombe ndi nkhuku, ndipo mtovu unawatsogolera kufikira kwa ana. Sanatenge digiri yaciwiri kuti afike kumeneko. Anagwirizana ndi odziwa zimene iwo sanazidziwe. Ndinachulanso maphunziro okonza makina a m'zipatala amene amaperekedwa pa koleji ya NORTEC ku Ndola, pakuti makina opereka mpweya kapena ojambula mafupa akafa, dokotala amakhala ngati mlimi wopanda khasu.

Iye anamvetsera mwaulemu, manja ali pamodzi, monga anamlerera amace. Kenaka anati, "Ndamva, atsibweni. Koma injiniya wosadziwa thupi la mwana adzakwirira dothi locepa, ndipo dokotala wosadziwa dothi adzangopereka mankhwala caka ndi caka. Wowamva onse awiri adzacokera kuti?" Ndivomere pamaso panu, awerengi, kuti ndinasowa coyankha. Mlongo wanga anandiyang'ana ndi diso lija limene ndinalidziwa tikali ana, lonena kuti wamkulu wagwidwa.

Dzuwa litapendeka tinapangana zocepa zimene tikanatha. Adzalembera malo m'sukulu ya sayansi, kumene caka coyamba sicitseka khomo liri lonse. Ine ndidzagula mabuku ndi kulipira malo ogona, ndipo alamu anga adzagulitsa ng'ombe imodzi, osati ziwiri. Zotsatira za caka cimeneco zikadzatuluka tidzakhalanso pansi pa mtengo womwewo. Za digiri yaciwiri atate ace anati zisachulidwe pakhomo pao kufikira yoyamba italowa m'nyumba, ndipo iye anayankha kuti, "Inde, atate," koma ndinaona kuti kabuku kamene analembamo zaka zija sanakataye, anakaika m'thumba.

Pobwerera ndinapalasa njinga kudzera ca ku mgodi wakale. Mphepo inali kuomba, ndipo pambali pa mseu ana anai anali kusewera mpira wa mapepala, osavala nsapato.