Zimene Tinkamva Kuseri kwa Khoma

Ife amene tikulemba nkhani ino ndife banja lochokera ku Mangochi, m'mbali mwa nyanja momwemo, koma takhala ku Mulanje kuyambira chaka cha 1998. Chinatibweretsa kuno ndi geni ya usipa ndi utaka wouma umene timagulitsa m'misika ya Chitakale ndi Limbuli. Abale athu akunyanja akabwera kudzacheza amachita kaso ndi phiri, minda ya tiyi yobiriwira chaka chonse ndi nanazi zotsika mtengo, ndipo amabwerera kwawo akunena kuti tikukhala pabwino. Zoonadi tikukhala pabwino. Koma ilipo nkhani imodzi imene sitinawauzepo, pakuti mbali yathu m'nkhaniyo si yonyaditsa.

Nyumba imene timachita lendi ndi ya mdadada, ndipo khoma lotilekanitsa ndi anzathu a khomo linalo silinafike kudenga. Munthu akatsokomola uko, kuno timamva. Kwa zaka zingapo kuseri kwa khomalo kunkakhala mayi wina wothyola tiyi pa esiteti, mwamuna wake wa njinga ya kabaza, ndi ana awo atatu. Tsiku la malipiro a ku esiteti tinkalidziwa popanda kuyang'ana pa kalendala. Zinkayamba ndi funso lakuti ndalama zili kuti, kenaka mbale kugwa, kenaka ana kulira, ndipo pomaliza kunkangomveka phokoso lija limene munthu amene analimvapo saliiwala.

Ife tinkatani? Abambo a m'nyumba muno ankakweza wailesi. Amayi a m'nyumba muno, kukacha, ankamubwereka mnzawoyo mchere kapena moto maso ali kumbali, kuopa kuona diso lotupa. Iye ankati wagwa ku mjigo, ife n'kumupepesa ngati takhulupirira. Zifukwa tinali nazo zambiri ndithu. Tinkati za m'banja salowerera. Tinkati ndife obwera, mtundu wathu ndi wina, kopemphera kwathu ndi kwina, tingadzaoneke ngati opasula mabanja a eni dera. Tinkatinso ankhoswe alipo, ndi ntchito yawo.

Ankhoswewo anabweradi kawiri. Anakhala pansi pa mtengo wa mango, namva mbali zonse, nagamula kuti banja ndi kupirira. Mwamuna anapepesa, nagula chitenje. Sitikunyoza ankhoswe ayi, pakuti nafenso takhalapo ankhoswe a mabanja angapo, ndipo tikudziwa kuti maukwati ambiri alipo lero chifukwa cha iwo. Koma nkhoswe anaikidwa kuti amange banja, kotero maso ake amakhala pa banjalo. Fupa lothyoka saliona msanga.

Usiku wina mu Januwale 2020, mvula ikugwa monga imagwera kuno nthawi yothyola tiyi wambiri, kunamveka kugogoda pa chitseko chathu. Anali mwana woyamba wa mayi uja, mtsikana wa zaka 13. Sanalire. Anangoti, "Agogo, tsegulani. Amayi sakudzuka."

Tinakamupeza mayiyo ali thapsa pafupi ndi mafuwa, dzanja litapindika molakwika, magazi akutuluka m'khutu. Mwamuna anali atathawa ndi njinga yake. Pamenepo mpamene tinazindikira kuti zaka zonse zija mwanayu ankadziwa kuti tikumva. Anadziwa khomo loti agogode chifukwa ankadziwa kuti kuseri kwa khoma kuli anthu akuluakulu awiri amene ali maso.

Kuchipatala anamulandira usiku womwewo, ndipo mmawa namwino anatiuza kuti nkhaniyi iyenera kupita kupolisi. Tivomere kuti miyendo inalemera. Ife a msinkhu wathu tinakula nthawi ya chipani chimodzi, pamene munthu wanzeru ankalambalala polisi ngakhale alibe mlandu. Ndiponso miyezi itatu yokha m'mbuyomo, mu Okutobala 2019, dziko lonse linali litamva za amayi ndi atsikana a ku Msundwe, M'bwatalika ndi Mpingu ku Lilongwe amene anadandaula kuti anagwiriridwa ndi apolisi enieniwo. Pambuyo pake, mu Ogasiti 2020, Bwalo Lalikulu la Milandu linalamula kuti amayi 18 apatsidwe chipukutamisozi. Choncho amene amaopa kupita kupolisi sitimuseka. Ali ndi chifukwa.

Komabe tinapita. Sanatiimike pa kauntala pamene amafikira akuba nkhuku ndi oledzera. Anatilozera kachipinda kapadera, nthambi ya Victim Support Unit, imene anthu kuno amangoti "ku Vikitimu". Nthambi zimenezi zinayamba m'chaka cha 2001, potsatira ndondomeko ya chitetezo cha m'mudzi imene apolisi anayambitsa mu 1997, koma ife tinali titakhala zaka zonsezi osadziwa chimene chimachitika mkatimo. Tinapezamo wapolisi wamayi. Anamupatsa mnzathuyo mpando, natseka chitseko, namulola kuti afotokoze mpaka kumapeto osamudula. Funso lakuti "inu munamulakwira chiyani" sanafunse. Tikulitchula funsoli chifukwa mayiyo anali atalimva kwa aliyense amene anamudandaulirapo, ndipo tikadakhala ife ofunsa, mwina tikadayambira pomwepo.

Anatipatsa chikalata choti adokotala alembepo mmene munthu wavulalira, pakuti chikalatacho ndicho umboni kubwalo. Patapita masiku awiri mwamuna anagwidwa pa siteji ya kabaza.

Sabata isanathe mayi uja anabwerera kupolisi, dzanja lili m'chikhakha, kukapempha kuti mlandu uthe.

Tinakwiya, sitibisa. Tinali titataya masiku a msika, titalipira kabaza kangapo, titadanitsidwa ndi achibale a mwamuna amene anayamba kutitchula kuti Ayao opasula. Amayi a m'nyumba muno anamufunsa maso ndi maso kuti, "Kodi achemwali, mukufuna akuphereni?" Iye anayankha mofatsa kuti, "Amayi, dzanja lothyolera tiyi ndi ili lathyokali. Iwo akalowa m'ndende, lendi alipira ndani? Anawa adya kwa inu?" Tinasowa choyankha. Usipa wathu sukadadyetsa makomo awiri.

Wapolisi uja sanadabwe, zikuoneka kuti amaziona kawirikawiri. Anafotokoza kuti lamulo loletsa nkhanza za m'banja la chaka cha 2006 silidziwa ndende yokha. Majisitileti angathe kupereka chiletso choti wankhanza asamuopsezenso kapena kumuyandikira wodandaula, angathe kulamula kuti wankhanzayo ndiye atuluke m'nyumba, ndiponso kuti azipereka thandizo la ana. Anaitanitsa mwamuna, ankhoswe a mbali zonse ndi nyakwawa, ndipo mwamunayo analonjeza pamaso pa onse, nasaina. Dzina lake analipereka kwa a chitetezo cha m'mudzi kuti azimuyang'anira, ndipo za ana anadziwitsa a ofesi yoona za chisamaliro cha anthu. Kaya kunali koyenera kumubweza kunyumba munthu amene anatsala pang'ono kupha, ife mpaka lero timatsutsana. Abambo amati lamulo likadangogwira ntchito yake. Amayi amati lamulo silipereka ufa.

Kuseri kwa khoma kunakhala bata miyezi ingapo. Kenaka kunabwera Covid-19, sukulu zinatsekedwa mu Malichi 2020, okwera kabaza anachepa, ndipo mtsikana uja, amene anali mu Sitandade 7, anayamba kukhala pakhomo tsiku lonse. Chakumapeto kwa Julayi tinayamba kuona bambo wina wa geni ya chimanga wochokera ku Milange, tsidya la Muloza, akubwerabwera ndi shuga ndi sopo. Khoma lomwe lija linatiuza zotsalazo. Bambo a mwana ndi amalume ake anali atalandira ndalama, ndipo tsiku lomutenga linali litakonzedwa. Mayi ake ankangolira chamumtima, poopa kuti akatsutsa, zakale ziyambiranso.

Ulendo uno wailesi sitinakweze. Tinaimba pa 116, nambala yaulere yothandiza ana imene amayendetsa a YONECO a ku Zomba, ndipo tinakauzanso mayi wina wa Mother Group ya pasukulu pa mwanayo. Apa mpamene tinaona ndi maso athu chimene akuluakulu a boma amatanthauza akamanena pa wailesi za kugwirira ntchito pamodzi, mawu amene kale tinkawayesa a pamisonkhano chabe. A Mother Group anauza aphunzitsi aakulu. Aphunzitsi anauza mlangizi woteteza ana wa m'dera lathu, mnyamata woyenda pa njinga yakapalasa yopanda mabuleki abwino. Iye anabwera ndi wapolisi ndi nyakwawa, ndipo mwanayo anakamusungitsa kwa azakhali ake kufikira nkhani itatha. Palibe mmodzi wa iwo akadatha yekha. Wapolisi sakadadziwa chimene chikuphikidwa m'nyumba ya mdadada, ndipo mayi wa Mother Group sakadaopedwa ndi amalume aja.

Amalumewo anayesa kulimbalimba, amvekere mwana ndi wa mbumba yawo, ndipo kuno, monga kwathu kunyanja, mwini mbumba ndiye ali ndi mawu. Wapolisi anawakumbutsa kuti lamulo la maukwati la 2015 linaika zaka 18, ndipo mu Febuluwale 2017 aphungu anasintha malamulo aakulu a dziko kotero kuti ngakhale makolo atavomereza, munthu wosafika zaka 18 ndi mwana ndipo sangakwatiwe. Abale athu akunyanja, mawu amenewa akutikhudza ifenso, pakuti tikudziwa tonse atsikana angati a kwathu amene anasiya sukulu chifukwa mnyamata wabwera ndi foni ndi njinga yamoto kuchokera ku Joni. Shehe wa pa mzikiti wathu kuno safulumira kumangitsa nikah asanaone chiphaso chosonyeza zaka za mkwatibwi, ndipo ena amamudandaula kuti ndi wovuta. Ife tinaleka kumudandaula.

Chimodzi chimene tinaphunzira m'masiku amenewo tikufuna mayi aliyense achisunge. Mwana kapena mayi akagwiriridwa, asayambe wasamba kapena kuchapa zovala, ndipo asadikire kuti akuluakulu a pamudzi ayambe akhala pansi. Afike kuchipatala maola 72 asanathe, pakuti mankhwala oteteza ku kachilombo ka HIV amagwira ntchito akayambidwa mkati mwa nthawi imeneyo. M'zipatala zina, monga ku Queen Elizabeth ku Blantyre, kuli malo otchedwa Chikwanekwane kumene dokotala, wapolisi ndi wa chisamaliro cha anthu amapezeka pa khomo limodzi, kuti wovutikayo asamafotokoze manyazi ake maofesi anayi. Mtsikana wathuyu, mwamwayi, zimenezi sizinamufikire.

Tisanamizane kuti zonse zili bwino. Galimoto ya polisi imasowa mafuta, mlangizi wa ana ali ndi midzi yochuluka kuposa mphamvu za miyendo yake, ndipo pali nkhanza zina zimene maofesi a kuno sanazifikire. Mu Febuluwale 2021 kunamveka kuti kampani ya Camellia ya ku Britain, eni ake a Eastern Produce Malawi, yavomera kupereka mapaundi 2.3 miliyoni, kuphatikizapo zolipira maloya, pa madandaulo a amayi 36 amene anati anachitidwa nkhanza, ena kugwiriridwa, m'minda ya tiyi, ngakhale kampaniyo sinavomere kulakwa. Chimene chinatikhudza n'chakuti madandaulo a amayi a pansi pa phiri lino anakamvekera ku London.

Bambo a mtsikana uja sanadikire kuti akaonekere kubwalo. Anaoloka pa Muloza ndi njinga yake, ndipo wapolisi wa ku Malawi sangamutsatire ku Milange. Thandizo la ana limene analonjeza silinafikepo ngakhale kamodzi. Mayi uja dzanja linapola mokhota, moti makilogalamu amene amathyola pa tsiku ndi ochepa kuyerekeza ndi kale. Anasamuka pa mdadada pano chifukwa lendi inamukulira, nabwerera kumudzi kwa amayi ake cha kwa Mabuka. Mwana wake anabwerera kusukulu zitatsegulidwa, anakhoza mayeso a Sitandade 8, ndipo anafika mpaka Folomu 4. Akatipeza pa msika wa Chitakale amagwada, natipatsa moni wa agogo, ndipo ife timamuikira usipa wapamwamba pa mulu. Za usiku uja sitinakambiranepo. Sanatifunsepo chifukwa chimene tinadikirira zaka zinayi, ndipo tikamuona akubwera timaopa kuti tsiku lina adzafunsa.

M'nyumba muja munalowa banja lina, achinyamata, ali ndi khanda. Sabata yatha, cha m'ma 10 koloko usiku, tinamva mawu akukwera, kenaka mbale inagwa. Tinayang'anana. Abambo anazimitsa wailesi, amayi anafunda chitenje, tinatuluka tonse awiri kukaima pa khomo pawo n'kunena kuti odi. Mnyamatayo anatsegula ali ndi manyazi, nati mbale yangopulumuka m'manja. Mkazi wake anali chilili kumbuyo kwake, mwana ali kumsana, ndipo anagwedeza mutu kuvomereza. Tinawauza kuti tinangofuna kubwereka machesi. Anatipatsa, tinathokoza, tinabwerera kwathu, ndipo wailesi sitinayatsenso usiku umenewo.