Kusamutsa antchito a boma: kodi kuno kumalire adzakhazikika?

Pali mau ena a Chipwitikizi amene amandiimitsa ndikamamasulira nkhani za pa wailesi. Amodzi mwa iwo ndi akuti "mobilidade". Tanthauzo lake nlakuti boma, m'malo molemba antchito atsopano, limatenga amene lili nawo kale, kuwachotsa kumene achuluka ndi kuwatumiza kumene akusowa. Ndalama zikachepa m'thumba la boma, njira imeneyi ndiyo imatchulidwa msanga.

Ine ganizoli sindikulitsutsa ai. Amene analowapo m'maofesi a mu mzinda anaona anthu atatu atazinga chidindo chimodzi, pamene kuno kumudzi mphunzitsi mmodzi aphunzitsa gulu lina m'mawa, lina masana, mpaka mau kusasa. Ndiponso nkhaniyi si yachilendo. Pa 8 Marichi 1977 Pulezidenti Samora Machel anapempha ophunzira a m'makalasi apamwamba a sekondale kuti asiye kaye maphunziro awo akathandize dziko, pakuti Apwitikizi ambiri anali atachoka ufulu utabwera mu 1975. Ambiri a iwo anakhala aphunzitsi, natumizidwa kutali ndi kwawo. Akuluakulu athu amawakumbukira mpaka lero.

Koma abale anga a ku Angónia, Tsangano, Macanga ndi Chifunde, pali zina zimene wowerengera anthu papepala sazionera patali.

Choyamba ndi chinenero. Namwino wochokera ku Inhambane kapena ku Nampula angakhale wodziwa ntchito ndi wa mtima wabwino, koma agogo akamuuza kuti m'mimba mukupota, kapena kuti mwana wagwa liwombo, iye amangoyang'ana. Tsono aitane womasulira, ndipo womasulirayo kawirikawiri ndi wosesa pachipatala, mwana wa m'mudzi momwemo. Kodi mai amene ali ndi vuto la kumaliseche angalinene pamaso pa mnyamata amene anasewera ndi ana ake? Amangoti mutu, nalandira mankhwala a mutu, nabwerera ndi nthenda yake. Mawa lake mumuona akudutsa pa Calómuè kunka ku Dedza, kumene akalankhula momasuka. Anthu amati tithamangira mankhwala a ku Malawi, koma nthawi zina tithamangira makutu.

Kusukulu nchimodzimodzi. Kuyambira 1993 mpaka 1997 boma linayesa kuphunzitsa ana m'zinenero ziwiri, ndipo Chinyanja cha kuno ku Tete chinali chimodzi mwa ziwiri zimene zinasankhidwa, china ndi Chichangana cha ku Gaza. Mphunzitsi wodziwa kuyambitsa mwana kuwerenga m'Chinyanja ngwosowa. Kumchotsa kuno kuti akakwaniritse chiwerengero kwina, m'malo mwake n'kubweretsa wosamva ngakhale "zikomo", papepala ziwerengero zafanana, koma kalasi latayika.

Kenaka pali funso lakuti amasamutsidwa ndani. M'makalata ndi m'matelefoni amene amafika ku wailesi ndimamva dandaulo limodzimodzi, lakuti wokhala ndi "padrinho" sachoka m'tauni, ndipo kutumizidwa kumudzi kumaoneka ngati chilango. Munthu wobwera ndi mtima wotere amafika Lachiwiri, Lachinai wanyamula kale chikwama. Sindimuweruza msanga. Banja lake lili ku Tete, banki yolandirira malipiro ili ku Ulónguè kapena kupitirira, ndipo mvula ikagwa msewu umasanduka phala. Nyumba imene anamulonjeza mwina ndi kachipinda kosungiramo choko.

Apa ndi pamene nafenso tili ndi mbali. Nkhondo itatha pa 4 Okutobala 1992, makolo athu pobwerera kuchokera ku Dedza, Ntcheu ndi Mwanza anapeza masukulu opanda madenga, naumba njerwa okha. Midzi imene mfumu ndi makolo amamanga nyumba ya aphunzitsi, nawapatsa kadimba kolimamo mbatata ndi kabichi, ndiyo imasunga aphunzitsi zaka zambiri. Ndinaona wina wochokera kumwera amene lero amatsutsana mtengo pamsika m'Chichewa chomveka bwino kuposa changa.

Kwa akuluakulu a boma amene amasaina makalata osamutsa anthu, pempho langa nlaling'ono. Musanalembe dzina la munthu ndi la malo, mufunseni chinenero chimene amamva, ndipo tumani wina akaone ngati nyumba yake ili ndi denga mvula ya Disembala isanayambe.