Manja Ofewa Ndiwo Mankhwala Oyamba

Amayi anzanga, sabata ino ndifuna tikambirane za mankhwala amene sagulidwa m'sitolo, amene mayi aliyense anabadwa nawo. Ndikunena manja athuwa. Kuno ku Area 36, kuyambira ku Phwetekere mpaka ku Kaondo, ndi makomo owerengeka okha amene simudandaulidwa msana, khosi kapena miyendo. Mayi amadzuka nkhuku zisanatsike, nakasenza ndowa ya madzi kuchokera kukiyosiki, mwana ali kumbuyo. Ndowa ya malita 20 ikadzaza imalemera makilogalamu 20, ndipo katundu yenseyo amatsikira m'khosi ndi mumsana. Akatula ndowa awerame pochapa, awerame posesa, aweramenso pambaula. Wina amatandala pabenchi la tomato mumsika, wina pamakina osokera. Pofika madzulo m'thupi monse mukuphwanya.

Ambiri a ife zikatero timatuma mwana kuokala kuti akagule Panado, Brufen kapena Indocid. Mankhwalawa ali ndi ntchito yake, koma Brufen ndi Indocid akamamwedwa tsiku ndi tsiku, makamaka m'mimba muli pululu, amayambitsa zilonda zam'mimba ndipo amaononga impso. Mayi woyembekezera sayenera kuwamwa popanda kuuzidwa ndi a chipatala. Tsono kodi ndi bwino kuti tizimeza mapilitsi chaka chathunthu kaamba ka kutopa kwa minofu kumene madzi ofunda ndi chikhatho cha mnzathu zikadatha kuchepetsa?

Makolo athu ankadziwa kuthowa ndi kusisita. Ine ndinaphunzira kwa agogo anga akuchikazi kumudzi. Munthu akabwera kudimba msana utauma, iwo ankateleka madzi mumphika, naviika chinsalu, nachifinya, kenaka nkumachikanikiza pamalo opwetekawo pang'onopang'ono. Akatha ankadzola mafuta a nsatsi m'manja nayamba kusisita. Chimene ndimakumbukira koposa ndi chakuti sankafulumira, ndipo sankakhala chete. Ankafunsa kuti, "Apa mukumva bwanji? Nanga apa?" Wodwalayo akangokwinya nkhope, iwo ankafewetsa dzanja. Ankati dzanja limene likuliza munthu lasiya kuchiza, layamba kumenya.

Nzeru imeneyi a zachipatala amaivomereza. Mnofu ukagwira ntchito imodzimodzi nthawi yaitali umakungika, ndipo ukakungika umapweteka. Ululuwo umachititsa munthu kuumitsa thupi, choncho mnofu uja umakungikirakungikira. Kufunda kumatsekula timitsempha ta magazi kuti magazi ayende bwino pamalopo, ndipo mnofu umamasuka. Kusisita nakonso kuli ndi ntchito yake: khungu likamakhudzidwa mofewa, uthenga wa kukhudzako umachepetsa uthenga wa ululu umene ukupita kuubongo. Nchifukwa chake mwana akagunda mutu pachitseko timathamangira kumsisita, ngakhale palibe anatiphunzitsa. Koma tisanamizane: kusisita kumachepetsa ululu ndi kutopa kwa minofu, sikulumikiza fupa lothyoka, sikuchiza chifuwa chachikulu, shuga kapena khansa.

Tsono kachitidwe kake nkotere. Sambani m'manja ndi sopo, wengani zikhadabo, vulani mphete. Wodwala agone pamphasa kapena pamatilesi olimba, m'chipinda mopanda mphepo, ndipo mumfunde chitenje nkusiya poyera pokhapo pamene mukugwirapo ntchito. Madzi akhale ofunda, osati obwadamuka. Ayeseni ndi chigongono chanu. Akakuotchani inu, amuotchanso iye. Thowani kwa mphindi 15 kapena 20. Mukatero thirani timafuta pang'ono m'chikhatho, kaya ophikira kaya Vaseline, ndipo mupukuse manja kuti afunde. Yambani ndi chikhatho chonse, mopepuka, mukuyenda mtunda wautali. Pamkono ndi pamwendo dzanja lizichokera kumunsi kukwera cha kumtima. Pamsana sisitani minofu ya mbali zonse ziwiri za fupa la msana, osakanikiza pafupa penipenipo. Mukapeza pamene pali kamfundo kolimba, ikanipo chala chachikulu nkumazunguliza pang'onopang'ono, wodwalayo akupuma mozama. Kutsogolo kwa khosi, kumene kumadutsa mitsempha ikuluikulu, musakanikizeko. Mphindi 10 kapena 15 nzokwanira. Akatha adzuke mosafulumira, pakuti ena amachita chizungulire, ndipo tsiku lotsatira ayendeyende ndi kugwira tintchito topepuka. Kugona chigonere sabata yathunthu kumaumitsa msana koposa.

Ndifike tsopano pa nkhani ya mayi amene wangochira kumene. Mwambo wathu umati mayi ali m'chikuta azithowedwa m'mawa ndi madzulo, ndipo ntchitoyi imagwiridwa ndi amayi ake, apongozi kapena achemwali ake. Mwambo umenewu uli ndi ubwino waukulu, pakuti mayiyo amakhala ndi womuyang'anira, sasenza madzi, ndipo msana ndi chiuno zimene zatopa miyezi isanu ndi inayi zimapumula. Koma ndaona ndi maso angawa mtsikana wa mwana woyamba akulira ngati wafedwa, akuluakulu atamgwira manja, akumthowa ndi madzi ochokera pamoto pomwepo, ati kuti magazi oipa atuluke. Mawa lake pamimba ndi m'ntchafu munali matuza okhaokha, ndipo m'malo moyamwitsa mwana mwamtendere anayamba kuyendera mabala kuchipatala. Amayi, chiberekero sichibwerera m'malo chifukwa cha kutentha kwa madzi. Chimabwerera chokha m'masabata 6, ndipo kuyamwitsa pafupipafupi ndiko kumachithandiza. Kutikita mimba kumene azamba amachita mwana atangobadwa ndi ntchito ya anthu ophunzitsidwa, yoletsa kutaya magazi. Si yoti tizipitiriza kunyumba ndi zibakera. Amene wachira ndi opaleshoni asathowedwe kapena kukanikizidwa pabala. Msisiteni mapewa, khosi ndi msana, basi.

Pali chinthu chimodzi chimene ndikupemphani muchisunge pamtima. M'masabata 6 oyamba mayi atachira, magazi sachedwa kuundana m'mitsempha ya m'miyendo. Mukaona mwendo umodzi watupa, katumba akupweteka ndipo pakutentha, chotsanipo manja. Mukasisita, chibuluma cha magazi oundanawo chikhoza kusuntha nkukatseka mitsempha ya m'mapapo, ndipo munthu amatha kumwalira tsiku lomwelo. Ameneyo ndi wa kuchipatala msangamsanga. Chimodzimodzi amene akutaya magazi ambiri, amene watentha thupi, amene akutuluka zonunkha, kapena amene mutu ukumuwawa kwambiri ndipo maso akuchita chidima. Chipatala cha Bwaila, chimene akuluakulu amachitchulabe kuti Bottom, sichili kutali ndi kwathu kuno. Ndipo masiku amene anamwino anakulemberani kuti mubwerere kukaonedwa musawadumphe, ngakhale mukudzimva kuti muli bwino.

Phunziro lina ndinalipeza posamala apongozi anga. Iwo ankadwala matenda a kuthamanga kwa magazi, ndipo tsiku lina m'mawa pakamwa panapotoka, mawu osamveka, mkono ndi mwendo wa kumanzere zitalefuka. Anagonekedwa ku Kamuzu Central Hospital, chipatala chachikulu chimene chinatsekulidwa mu 1977, ndipo atatuluka ndinawatengera kunyumba kwanga. Tisanachoke, mayi wina wa ku chipinda cha mafizo anandikhazika pansi nandionetsa ndi manja ake zoyenera kuchita. Anati, "Mayi, ife tiziwaona mwa apo ndi apo, koma inu muli nawo usana ndi usiku. Manja anu ndiwo agwire ntchito yaikulu."

Anandiphunzitsa kupinda ndi kuwongola chala chilichonse, dzanja, chigongono, bondo ndi phazi, pang'onopang'ono, kawiri kapena katatu pa tsiku, kuti mfundo zisaume. Anandiuza kuti ndiziwatembenuza maola awiri alionse kuopa zilonda za pogonera, ndi kuti khungu la pathako, m'chiuno kapena pachidendene likasintha mtundu ndisalisisite, koma ndichotsepo kulemera kwa thupi. Anandichenjezanso kuti mbali yolefukayo kawirikawiri simva bwino kutentha, kotero munthu akhoza kupsa osadziwa. Ndipo ndi mmenenso zilili ndi mapazi a anthu odwala shuga. Koposa zonse anati munthu wotere asadzutsidwe pomkoka mkono wolefukawo, chifukwa minofu yogwira phewa yafooka ndipo phewalo limatha kuguluka nkumapweteka miyezi yambiri.

Apa ndi pamene panali ntchito. Abale akabwera kudzazonda, aliyense ankabwera ndi nzeru zake. Wina ankafuna kuukoka mkonowo mwamphamvu kuti "udzuke". Wina anabwera ndi lezala kuti atemere mphini. Kukaniza alamu ako, iwe uli mtengwa chabe, si chinthu chapafupi, ndipo ena anachoka atakwiya, nkumanena kuti ndikudziyesa dokotala. Ndinkawayankha mwaulemu kuti, "Alamu, tiyeni titsate zimene atiuza kuchipatala, mayi akachira tidzasangalala tonse." Lezala limodzi lotemera anthu angapo limafalitsa HIV, ndipo bala lothiridwa zinthu zosadziwika limaitana kafumbata. Mwamuna wanga anaima nane, ndipo ndimamthokoza. Patapita miyezi ingapo apongozi anayamba kukhala tsonga okha, kenaka kuima atagwira mpando, kenaka kuyenda ndi ndodo mpaka pakhonde. Dzanja silinabwerere mwakale, koma linakhala lofewa, losapweteka, ndipo ankatha kupanira nalo mbale akamadya. Chimene chinawayendetsa si kusisita kokha ayi, koma kuyeserera kwawo tsiku ndi tsiku. Manja anga ankangosunga thupi kuti lisaume pamene mphamvu zinkabwerera. Kuona maso a nkhono nkudekha.

Akatswiri a mafizo akadali ochepa m'dziko muno poyerekeza ndi anthu owafuna. Bungwe la Malawi Against Polio, limene linayamba mu 1979 ndipo pambuyo pake linadzatchedwa Malawi Against Physical Disabilities, lathandiza anthu ambiri olumala. Sukulu ya College of Medicine ku Blantyre inayamba kuphunzitsa digiri ya ntchitoyi mu 2010, ndipo kuyambira 2021 sukuluyi ili pansi pa Kamuzu University of Health Sciences. Ana athu tsopano akuiphunzira konkuno. Komabe palibe katswiri amene angafike pakhomo lililonse la ku Area 36 madzulo alionse. Choncho mukakhala ndi wodwala kuchipatala musachite manyazi kupempha kuti akuonetseni, ndipo muyeserere iwo akuona. Safunsa anadya phula.

Palinso nthawi zina zimene manja ayenera kudziletsa. Munthu akangobinya phazi kapena kugwa kumene, masiku awiri oyamba musathowe ndi madzi otentha, musasisite. Ikanipo nsalu yonyowa ndi madzi ozizira, mwendo ukhale pamwamba. Ngati sakutha kupondera, kapena chiwalo chapindika, akajambulidwe. Pamene pali bala, chithupsa, zidzolo kapena chotupa chosadziwika, musagwirepo. Msana umene ukupweteka pamodzi ndi kuonda, kutuluka thukuta usiku ndi kutentha thupi ukhoza kukhala chifuwa chachikulu cha m'mafupa. Msana umene ukupweteka miyendo nkumachita dzanzi, kapena mkodzo nkumatuluka wokha, ngwofunika dokotala tsiku lomwelo. Mwana akalefuka mwendo mwadzidzidzi musataye nthawi ndi kuthowa. Kumbukirani kuti mu February 2022 boma linalengeza kuti mwana wina mu Lilongwe momwe muno wapezeka ndi poliyo. Ndipo pamimba pa mayi woyembekezera pasakanikizidwe ndi wina aliyense; iye agone chammbali, mumsisite mapewa ndi m'chiuno mopepuka.

Potsiriza ndifunse funso limene sitikonda kufunsana. Mayi amene amathowa ana, mwamuna ndi apongozi, iyeyo amathowedwa ndi yani? Ambiri a ife tinasiya amayi ndi achemwali athu kumudzi, ndipo m'tauni muno timakhala moyandikana ndi anthu a mitundu ina, mpanda uli pakati. Komatu mutu umodzi susenza denga. Inu a Chigwirizano, a Dorika, a m'miphakati ndi a m'magulu a banki m'khonde, mukapita kukazonda wodwala musangosiya ufa ndi sopo nkubwerera. Funsani wosamalayo ngati wagona tulo, mumtelekere madzi, mumgwire mapewa kwa mphindi khumi. Phunzitsani ana anu, aakazi ndi aamuna omwe, kagwiridwe kabwino ka munthu wodwala. Nanunso abambo amene mumasuzumira tsamba lino mayi akatembenuka, manja amene amakweza njerwa sangalephere kufinya chinsalu. Pofika sabata yamawa, aliyense wa ife akhale atapeputsako msana wa mnzake mmodzi. Tsalani bwino, amayi.