Citini ca Mabulo ku Garneton

Ku Garneton, pa mseu wocokera ku Kitwe kunka ku Chingola, kukhala mkulu wina amene asunga citini codzala ndi timipira tagalasi, timene ana amati mabulo. Atate wace anacokera ku Fort Jameson, kumene lero ndi ku Chipata, nadzalowa nchito ya m'dimba kwa Mzungu wina wa pa mgodi wa Nkana. M'zaka za 1950 malowa anali a Azungu, yense ndi nyumba yace pakati pa munda waukulu, ndipo anchito anali kugona m'tinyumba ta kuseri. Iyeyu anakulira m'kanyumba kotere. Madzulo anali kuima pa mpanda, napenya ana a bwana alikuponya mabulo pa bwalo losesa, koma sanali kuloledwa kulowako.

Atate wace poona ici anamasula kansaru kamene anasunga kuyambira pa unyamata wao ku Ndola, naturutsamo limodzi lobiriwira ngati madzi a padziwe, nampatsa. Limenelo ndilo linali loyamba. Dziko litalandira ufulu mu 1964, Azungu ambiri anacoka pang'ono pang'ono. Mnyamatayo anakula, nagwira nchito zaka zambiri, ndipo atapuma anapeza malo ace ku Garneton komweko. Polima anali kufukula mabulo m'nthaka ndi m'madzala akale, ena anali kugula kwa ana, kufikira citini cinadzala.

Caka cina mdzukulu wace anatsiriza Giredi 12, nafuna kukaphunzira za magetsi ku Kitwe, koma ndalama zinaperewera. Masiku omwewo kunafika munthu wogula zinthu zakale, monga makobiri obooka pakati ndi simbi zamakala. Ataona citini anati adzapereka mtengo wa thumba limodzi la ufa, nalonjeza kubweranso Loweruka. Mnyamatayo anakondwa, nati, “Agogo, tigulitse. Awa ndi masewera a ana, ndipo inu simuponyanso.”

Mkuluyo sanakane. Anangoti, “Mdzukulu wanga, wogulitsa mbuzi ayamba waiwerenga. Tenga mphasa, beseni la madzi ndi sopo. Mcenga usakhudze, cifukwa ukala galasi.” Anakhala pansi pa mtengo wa mango, natsuka onse, ndipo mkuluyo anamuuza kuti atseke maso, nayendetse cala pa liri lonse. Ambiri anali osalala ponse ponse. Koma limodzi linali ndi malo awiri okakala, kumwamba ndi kunsi, ndipo mnyamatayo anati ndi losweka.

“Iai,” anatero mkuluyo, “umenewo ndi mcombo wace.” Tsono anamfotokozera zimene anawerenga m'mabuku ndi kuzitsimikiza ndi maso ace. M'zaka za 1840, m'mudzi wa Lauscha ku Germany, amisiri a banja la Greiner anayamba kupanga mabulo agalasi ndi manja. Mmisiri anali kuika timizere ta mitundu mitundu m'galasi losungunuka, nalikoka kufikira litakhala ngati ndodo, nalipotoza, nadula kumapeto kwace ndi sizasi yokhala ndi kakapu koumbira. Podulidwapo panali kutsala cipsera, monga mwana atsala ndi mcombo. Cifukwa cace lopangidwa ndi manja lidziwika ndi zipsera zimenezi, ndi timizere topotana m'kati kucokera ku mcombo wina kufika ku unzace. Kawiri kawiri siliri lobulungira kweni kweni, ndipo awiri safanana ndithu.

Osalalawo ndi a makina. M'caka ca 1905 Martin Christensen wa ku Akron, m'dziko la America, analandira cikalata ca boma ca makina ace obulungiza galasi lamoto. Nkhondo ya 1914 itatseka malonda a Germany, makampani a ku America anatenga msika. Ina mwa iwo inali Akro Agate, imene inatsekedwa mu 1951, ndipo mabulo ace ena adziwika ndi mzere wa mtundu umodzi wozungulira ngati cilambe pa mtengo, wosadutsana wokha.

Mnyamatayo anasankha mulu wa owala koposa, a galasi loyera ngati madzi okhala ndi timasamba tofiira, tacikasu ndi tobiriwira pakati, nati amenewa ndiwo a mtengo. Mkuluyo anaseka, nati, “Cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere.” Amenewa Azungu awacha diso la mphaka. Anabuka ku Japan m'zaka za 1950, nafalikira pa dziko lonse osawerengeka, ndipo apangidwabe kufikira lero. Cinthu cimene mwana ali yense ali naco m'thumba, wosonkhanitsa zakale sacilipira ndalama zambiri.

Anamcenjezanso za zinthu ziwiri. Coyamba, alipo amisiri a masiku ano amene apanga atsopano motsanza akale, ndipo lakale limene linasewereredwa limakhala ndi timabala tating'ono ta kugundana. Caciwiri, ena apala lakale kuti liwale, ndipo potero acotsa mcombo, natsitsa mtengo wace okha.

Dzuwa litapendeka anatsiriza kuwerenga. M'citini monsemo opangidwa ndi manja anali anai okha, ndipo awiri mwa iwo anali obenthuka ndi khasu. Pamenepo mnyamatayo anakumbuka kuti wogula uja, pobvundula citini, anatola anai omwewa, nawapenya pa dzuwa, nawabwezera pansi peni peni osanena kanthu.

Panatsala lobiriwira lija, lopanda mzere kapena duwa m'kati. Mnyamatayo anafunsa kuti, “Nanga ili, agogo, lipita mulu uti?” Mkuluyo anamuuza kuti limeneli silinapangidwire masewera. Mu 1872 Hiram Codd wa ku London anatulukira botolo la zakumwa za mpweya lokhala ndi kampira kagalasi m'khosi mwace. Mpweya unali kukankha kampirako kuti katsamire pa mphira wa kukamwa, ndipo botolo linali kutsekeka lokha. Mabotolo otere anafika ndi kuno kumwera kwa Afrika, ndipo ana anali kuwaswa kuti atenge kampirako, ndico cifukwa cace athunthu asowa. “Pa msika liri ndi mtengo wocepa,” anatero mkuluyo. “Koma limeneli anandipatsa ndi atate, tsiku limene ndinalira pa mpanda. Ena onse uli nao ufulu. Ili udzalitenga ine nditapita.”

Loweruka wogula anabwera. Anapeza mabulo ali m'mathireyi a mazira, liri lonse m'malo mwace kuti asagundane, ndi mnyamata ali ndi kabuku kolembamo mtundu ndi cilema ca liri lonse. Mnyamatayo anati, “Bambo, a diso la mphaka tengani onse pa mtengo munanena uja. Awiri awa a micombo tikambirane pa okha.” Munthuyo anayang'ana mkuluyo, amene anali cete alikusoka nsapato, ndipo anakhala pansi nayamba kukambirana ngati ndi mnzace wodziwa malonda. Anapita ndi awiriwo okha, atalipira koposa zimene anachula pa citini conse.

Ndalamazo sizinakwanire sukulu. Zinalipira gawo loyamba lokha, ndipo zotsala anazipeza pogulitsa nkhuku ndi ndiwo za m'dimba. Koma mnyamatayo anapita ku Kitwe atadziwa kufunsa za cinthu ciri conse kuti anacipanga ndani, anacipanga bwanji, ndi kuti cizindikiro cace ciri pati, asanabvomere mtengo umene wina wamuuza. Pobwera pa chuthi amayamba wapita kumunda kukayang'ana m'mizere imene mvula yakokolola, ndipo akatola kanthu amakatsuka, nayendetsapo cala asanakaonetse agogo ace.